Kodi mwini kampani ya mapulogalamu a pakompyuta asankhe MBA iti ali ndi zaka 38?

Bambo ena a ku Lilongwe, a zaka 38, andilembera kalata yaitali imene ndiifupikitse motere. Anaphunzira za makompyuta ku yunivesite, anagwira ntchito ku banki zaka zisanu, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi tsopano akhala akuyendetsa kampani yawo yolemba mapulogalamu amene ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama amasungiramo mabuku awo. Ali ndi antchito 16, mnzawo mmodzi amene anayamba naye kampaniyo ndipo ali ndi masheya 30 pa 100 alionse, komanso mayi ndi ana awiri kunyumba. Akufuna kulowa pa msika wa ku Zambia ndi ku Mozambique, koma akuti nzeru zimene anakulitsira kampaniyi zikuoneka kuti zafika pothera, ndipo zaka zikupita. Akusinkhasinkha njira zitatu: MBA (digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi) ya chaka chimodzi ku INSEAD ya ku France kapena ku Oxford, maphunziro a Sloan a anthu achikulire pa ntchito ku London Business School, ku MIT kapena ku Stanford, ndiponso Executive MBA ya ku South Africa imene munthu amaphunzira akugwirabe ntchito. Funso lawo ndi lakuti: "Pa zitatuzi nditenge iti, poti ndalama ndi nthawi ndingazipeze kamodzi kokha?"

Bambo, ine ndikukulangizani kuti mutenge njira yachitatuyo, ndipo kutsogoloku nditchula zimene zingandichititse kusintha maganizo. Chifukwa chachikulu ndi chimene timabuku tokopa ophunzira sititchula konse. Pa zonse zimene mudzalipire, fizi si ndiyo yodula kwambiri. Chodula ndi chimene chidzachitikire kampani yanu m'miyezi imene inu mudzakhale kulibe. Munthu wolembedwa ntchito akapita kusukulu amataya malipiro a chaka chimodzi, ndipo ndalamazo angathe kuziwerengera asananyamuke. Mwini kampani ya anthu 16 amaika pangozi makasitomala, antchito aluso ndi mbiri imene wamanga kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zimenezi zikatayika sizibwerera pa tsiku lolandira digiri.

MBA yokhalira pasukulu, imene Harvard inayamba kupereka mu 1908, inakula n'kukhala chida chosinthira ntchito. Injiniya amalowa n'kutuluka ali mlangizi wa makampani, msilikali amatuluka ali wa ku banki, ndipo wina amangofuna kusamuka dziko. Ku INSEAD, imene inatsegulidwa mu 1957 ndipo ili ku Fontainebleau ku France komanso ku Singapore, maphunzirowa amatenga miyezi khumi, ndipo ophunzira ambiri amakhala a zaka pafupifupi 29, atagwirapo ntchito zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mbali yaikulu ya chakacho imathera pokonzekera mafunso a ntchito a makampani a alangizi monga McKinsey, Bain ndi BCG, komanso a Amazon ndi mabanki akuluakulu. Ofesi yothandiza ophunzira kupeza ntchito, imene fizi yanu idzathandize kuilipira, ndi imodzi mwa zinthu zamphamvu kwambiri pa masukulu amenewa, koma inu simudzalowamo chifukwa ntchito muli nayo kale ndipo simukufuna ina.

Ndi chifukwa chomwechi ndikukupemphani kuti musadalire kwambiri mndandanda wa masukulu opambana. Wodziwika kwambiri ndi wa nyuzipepala ya Financial Times, umene unayamba kutuluka mu 1999. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi ake limachokera ku malipiro amene omaliza maphunziro akulandira patatha zaka zitatu, ndiponso kuchuluka kwa mmene malipirowo akwerera poyerekeza ndi a kale. Muyeso umenewu ndi wabwino kwa munthu wofuna kulembedwa ntchito ku London kapena ku Dubai. Mwini kampani wanzeru nthawi zambiri amadzilipira zochepa mwadala kuti phindu libwerere m'bizinesi, motero pa muyeso umenewu amaoneka ngati wolephera. Sukulu imene ili pa nambala 3 yaposa ya pa nambala 60 pa mpikisano umene inu simukuthamanga nawo.

Mudzanena kuti chimene mukufuna kumeneko ndi anthu, osati mabuku, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera. M-KOPA, kampani ya ku Nairobi imene inatchuka pogulitsa magetsi a dzuwa molipira pang'onopang'ono kudzera pa foni, inayambitsidwa ndi anthu atatu, ndipo awiri mwa iwo, Jesse Moore ndi Chad Larson, anadziwana pa MBA ya ku Oxford. One Acre Fund, imene alimi a ku Zomba ndi maboma ena akuidziwa bwino, inayambitsidwa mu 2006 ndi Andrew Youn ali wophunzira wa MBA ku Kellogg ku America. Nkhani zimenezi ndi zoona. Koma taonani kuti anthu amenewa analowa m'kalasi alibe kampani imene tikuidziwayo. Sukulu inawapatsa mnzawo woyamba naye, nthawi yosinkhasinkha ndi khomo lofikira kwa anthu a ndalama. Inu mnzanu muli naye kale, malonda anu ali kale pa msika, ndipo makasitomala anu akulipira mwezi ndi mwezi. Chimene iwo anakachipeza kusukulu inu mudzachisiya kumudzi kuti mupite kusukuluko.

Pali kafukufuku amene amandiseketsa ndikamalangiza anthu onga inu. Josh Lerner ndi Ulrike Malmendier anafufuza ophunzira a ku Harvard Business School amene anamaliza pakati pa 1997 ndi 2004. Kumeneko sukulu ndiyo imagawa ophunzira m'magulu a anthu pafupifupi 90, iwo sasankha okha. Anapeza kuti m'magulu mmene munali anthu ambiri amene anayendetsapo kale bizinesi yawoyawo, ophunzira enawo sankathamangira kuyambitsa makampani akamaliza, ndipo makampani amene anachepa kwambiri anali aja akanadzagwa. Kunena kwina, munthu wodziwa kale zowawa za bizinesi amapulumutsa anzake ku maganizo osapsa. M'kalasi ya anthu a zaka 29, munthu ameneyo mudzakhala inu. Ndi ntchito yabwino, koma si yoti muilipirire ndalama zochuluka chotero.

Maphunziro a Sloan amathetsa vuto la msinkhu limeneli, ndipo pa njira ziwiri zokakhala kunjazi ndiwo oyenera munthu wa zaka zanu. Anayambira ku MIT kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ndi thandizo la Alfred P. Sloan, mkulu wa General Motors, kenaka anafika ku Stanford mu 1957, kumene tsopano amatchedwa MSx, ndi ku London Business School mu 1968. Onse amatenga pafupifupi chaka chimodzi. Stanford imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera zisanu ndi zitatu, MIT zaka khumi, ndipo inu ndi zaka zanu 14 mudzakhala pakati pa anzanu enieni: anthu amene anachotsapo munthu ntchito, anasowapo tulo chifukwa cha malipiro a antchito kumapeto kwa mwezi, ndipo akudziwa kuti bodi ndi chiyani. Za ubwino wa maphunzirowo ndilibe nazo mawu otsutsa. Nkhawa yanga ili pa ndalama, pa viza ndi pa mpando wanu umene udzakhale wopanda munthu.

Fizi ya MBA ku INSEAD ili pafupifupi mayuro 100,000, ya ku Oxford inapitirira mapaundi 70,000, ndipo ya Sloan ku Stanford kapena ku MIT imapitirira madola 130,000, musanawerengere nyumba, chakudya, inshuwalansi ya chipatala ndi ndege. Pa mtengo wa ku banki wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 100,000 okha ndi K175 miliyoni, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti kukhala ndi makwacha amenewo ndi nkhani ina, kupeza madolawo ku banki pa tsiku limene sukulu ikuwafuna ndi nkhani inanso. Ambiri amapita pa ngongole, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Anzanu a m'kalasi amabwereka madola podziwa kuti adzalandira malipiro m'madola. Makasitomala anu amalipira m'makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi ngongole ya madola 100,000 anagona ali ndi ngongole ya K118 miliyoni n'kudzuka ali ndi ya K170 miliyoni, osabwerekanso ngakhale tambala. Kubwereka m'makwacha sikupulumutsa, pakuti mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki amaonjezerapo pamenepo.

Thandizo la maphunziro lilipo koma silikwanira. Chevening ya boma la Britain imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito maola 2,800 ndi kuti abwerere kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza, zimene kwa inu si vuto, koma pa MBA imaika malire a fizi imene ingalipire ndipo yotsalayo, imene ndiyo yochuluka, ndi yanu. Za viza nazo zasintha kwambiri. Kuyambira mu Januwale 2024, wophunzira digiri yachiwiri ya m'kalasi ku Britain saloledwa kutenga mkazi ndi ana pa viza yake, motero banja lanu lidzakhala ku Lilongwe chaka chonse. Viza yomweyo imaletsa wophunzira kudzilemba yekha ntchito kapena kuyendetsa bizinesi ali m'dzikomo, ndipo munthu amene ndi dayirekitala wokhala ndi masheya 70 pa 100 ayenera kuulula zimenezi ku ofesi ya sukulu n'kulandira yankho lolembedwa asanalipire kalikonse. Ku America, mu Ogasiti 2025 boma linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yokacheza kapena yokachita bizinesi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko amene nzika zawo zaikiridwa ziletso pa ma viza, kuphatikizapo a ophunzira. Malamulo otere amasintha, koma musamange tsogolo la kampani pa chiyembekezo chakuti asintha nthawi yanu isanakwane.

Tsopano za mpando uja. Pafupifupi mwini kampani aliyense amene ndakambirana naye za nkhaniyi amanena kuti adzayendetsa zinthu pa foni madzulo, akaweruka m'kalasi. Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika. Maphunziro a chaka chimodzi ndi a zaka ziwiri amene apanikizidwa, ndipo phindu lake lenileni lili m'maola a madzulo omwewo, pokambirana ndi anzanu. Mukawathera pa WhatsApp mukuzimitsa moto wa ku Lilongwe, mudzataya kuwiri konse. Ndinaonapo mnzanga wina amene anapita ku Ulaya atasiya kampani m'manja mwa wachiwiri wake. Palibe amene anaba kapena kuchita ulesi. Kungoti kasitomala wawo wamkulu anazolowera kuimbira mwiniwake pakavuta, ndipo ataimba kawiri n'kuyankhidwa ndi munthu wina, anayamba kumvetsera amalonda ena. Kontirakitiyo itatha sanaisainenso, ndipo akatswiri awiri olemba mapulogalamu, ataona kuti zinthu zagwedezeka, anapeza ntchito kwina. Bizinesi ya mtundu wanu imayenda pa chikhulupiriro, chifukwa manijala wa SACCO amene waika ndalama za mamembala ake m'pulogalamu yanu amadalira nkhope ya munthu amene angamupeze zinthu zikaima pa tsiku logawa phindu.

Musanalembere sukulu iliyonse, yesani izi. Chokani pa ofesi milungu itatu, foni ya ntchito muisiye, ndipo muuze mnzanu uja kuti asakufuneni pokhapokha nyumba itapsa. Mukabwerako lembani zonse zimene zinaima podikira inu: macheke osasainidwa, mitengo imene palibe analimba mtima kuitchula kwa kasitomala, mbali ya pulogalamu imene inu nokha mumaidziwa, ngongole zimene palibe anakazilonjerera. Pepala limenelo lidzakuuzani zinthu ziwiri. Lidzakuuzani ngati kampani ingapirire miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ndikukayika kuti ingatero. Lidzakuuzaninso chimene mukusowadi, chifukwa mawu akuti "nzeru zafika pothera" ndi otakata kwambiri moti sangakuthandizeni kusankha sukulu.

Mwa eni makampani amene anachokera ku makompyuta, zosowa zake zimafanana modabwitsa. Amadziwa ndalama zimene zili ku banki koma sadziwa kuti ndi kasitomala uti amene amabweretsa phindu ndi uti amene amadya nthawi ya akatswiri popanda kubweza. Amatchula mtengo poyang'ana maola amene agwira, osati phindu limene kasitomala apeze. Amavomera kusinthira aliyense pulogalamu mpaka akhala ndi mapulogalamu khumi ndi awiri m'malo mwa imodzi. Alibe bodi yowafunsa mafunso ovuta, ndipo aliyense pa kampani amapereka lipoti kwa iwo okha. Zimenezi zimaphunzitsika, ndipo umboni ulipo wakuti zimasintha zinthu. Nicholas Bloom ndi anzake anachita kafukufuku m'mafakitale a nsalu pafupi ndi Mumbai ku India, amene anasindikizidwa mu 2013: mafakitale amene anathandizidwa kukhazikitsa njira zamakono zoyendetsera ntchito anakweza kapangidwe ka katundu ndi 17 pa 100 m'chaka choyamba. Koma taonani kumene kuphunzirako kunachitikira. Alangiziwo ankapita m'fakitale momwemo, ndipo chimene chaphunziridwa lero chinkayesedwa mawa pa makina enieni.

Apa ndi pamene Executive MBA ikuposa zinazo kwa munthu wonga inu. Mtundu umenewu wa maphunziro unayambira ku University of Chicago mu 1943, ndipo unakonzedwera anthu amene sangachoke pa ntchito. Mumapita kusukulu masiku angapo kapena milungu iwiri, mumabwerera ku ofesi kwa miyezi ingapo muli ndi ntchito yolemba, ndipo zimatero kwa zaka pafupifupi ziwiri. Ntchito zambiri zolembazo zimafuna kuti mufufuze bungwe lanu lomwe. Manijala wa ku banki akalemba kuti mitengo isinthe, lipoti lake limakathera m'kabati ya bwana wake. Inu mukalemba zomwezo Lachisanu, Lolemba mungathe kuzichita, ndipo pakutha pa miyezi itatu mudzadziwa ngati mphunzitsi ananena zoona. Palibe wina m'kalasimo amene adzakhale ndi mwayi wotere. Komanso ulendo uliwonse wopita kusukulu udzakakamiza antchito anu kuyendetsa zinthu okha kwa kanthawi kochepa, kamene kampani ingapirire, ndipo pakutha pa zaka ziwiri mudzakhala mwaphunzitsa wachiwiri wanu popanda kumuponya m'madzi akuya tsiku limodzi.

South Africa ikuyenerani pa zifukwa zooneka. Nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi ya kuno, ndege yochokera ku Lilongwe imafika ku Johannesburg m'maola osakwana atatu, ndipo fizi, imene imalipiridwa m'marandi, ndi kagawo chabe ka ya ku Ulaya ngakhale mutaphatikiza matikiti ndi malo ogona. Pakati pa Cape Town ndi Johannesburg, musankhe poganizira amene mukufuna kukhala naye pa tebulo. Graduate School of Business ya University of Cape Town, imene ili m'nyumba zimene kale zinali ndende ya Breakwater pafupi ndi doko, ili ndi Executive MBA imene yakhala ikupezeka pa mndandanda wa Financial Times, ndipo imadziwika pophunzitsa munthu kuona bungwe lonse ngati thupi limodzi ndi kudzifufuza yekha monga mtsogoleri. Mzindawo ndi kwawo kwa makampani a zamakono monga Naspers, Takealot ndi Yoco, ndipo ndi kumene akatswiri a Amazon anapangira EC2, njira yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti. Gordon Institute of Business Science ya University of Pretoria, imene inatsegulidwa mu 2000 ku Illovo pafupi ndi Sandton, ili pakati pa malikulu a mabanki ndi makampani a inshuwalansi amene ali ndi nthambi ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Maputo. Popeza makasitomala anu ndi mabungwe a zachuma ndipo misika imene mukuifuna ndi yomweyo, ine ndikanapendekera ku Johannesburg. Ngati chimene chikukuvutani kwambiri ndi utsogoleri wanu, kulephera kusiyira ena ntchito, Cape Town ingakuthandizeni koposa.

Pali zitseko ziwiri zimene Amalawi ambiri amazitulukira mochedwa. Kuyambira mu 2016, MBA ku South Africa inaikidwa pa mlingo 9 wa dongosolo la maphunziro la dzikolo, ndipo wolowa amafunika kukhala ndi pepala la mlingo 8, monga digiri ya Honours kapena dipuloma ya pamwamba pa digiri yoyamba. Digiri ya kunja iyenera kuyesedwa ndi bungwe la SAQA, ndipo ikapezeka kuti ili pa mlingo 7, sukulu idzakuuzani kuti muyambe ndi dipuloma ija, kapena idzaunika zaka zanu za ntchito m'malo mwake ngati malamulo ake akulola. Chitseko chachiwiri ndi mayeso olowera. GMAT ya masiku ano imatenga maola awiri ndi mphindi 15, malikisi ake amayambira pa 205 kufika pa 805, ndipo amagwira ntchito zaka zisanu. Executive Assessment, ya mafunso 40 m'mphindi 90, inakonzedwera anthu otanganidwa onga inu, pamene masukulu ena ali ndi mayeso awoawo. Masamu sadzakuvutani, chimene chimagwetsa akatswiri a makompyuta ndi kuwerenga ndime zazitali za Chingerezi mothamanga. Onaninso kuti sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi ounika masukulu a bizinesi a AACSB, AMBA kapena EQUIS. Ya ku Cape Town ndi ya Stellenbosch zili ndi zitatu zonsezi.

Sindikufuna kukubisirani zofooka za njira imeneyi. Zaka ziwiri zoyendetsa kampani, kulemba ntchito za kusukulu usiku ndi kulera ana ndi zolemetsa, ndipo mtolo waukulu udzagwera mayi a kunyumba, amene ayenera kufunsidwa maganizo awo musanalembetse, osati kungouzidwa. Ambiri m'kalasimo adzakhala mamanijala a makampani akuluakulu amene mavuto awo ndi a antchito 5,000, ndipo nthawi zina zokambirana zidzakhala kutali ndi inu. Dzina la sukuluyo ndi lolemera kum'mwera kwa Africa, koma silitsegula zitseko ku California monga litsegulira la Stanford. Ndipo palibe sukulu, ya ku Sandton kapena ya ku Fontainebleau, imene idzakuphunzitseni kupeza chilolezo ku Bank of Zambia, kutsatira lamulo la ku Malawi loteteza zinsinsi za anthu la 2024, kapena kugulitsa pulogalamu mu Chipwitikizi ku Tete ndi ku Nampula. Zimenezo mudzaphunzira poyenda ndi polemba ntchito anthu a kumeneko.

Ngati pepala lija la zimene zinaima inu mutachoka pa ofesi litasonyeza kuti chimene mukusowa ndi mpamba, digiri iliyonse ndi njira yozungulira. Ndalama zambiri zimene zimaikidwa m'makampani atsopano a zamakono mu Africa zimathera ku Nigeria, Kenya, South Africa ndi Egypt, ndipo oika ndalamawo amayang'ana kukula kwa msika ndi kwa malonda asanayang'ane mapepala a sukulu. Shola Akinlade ndi Ezra Olubi, amene anayambitsa Paystack, kampani yothandiza amalonda kulandira ndalama pa intaneti, anaphunzira za makompyuta ku Babcock University ku Nigeria, analowa mu Y Combinator, ndondomeko ya ku America yothandiza makampani atsopano, mu 2016, ndipo mu 2020 kampani yawo inagulidwa ndi Stripe, kampani yaikulu ya ntchito yomweyo, pa mtengo umene unamveka kuti unapitirira madola 200 miliyoni. K175 miliyoni ija ingalipire ofesi ya ku Lusaka ndi anthu ake kwa nthawi ndithu, ndipo makasitomala asanu a ku Zambia adzalankhula kwa oika ndalama mokweza kuposa digiri.

Pali njira yachinayi imene simunaitchule, ndipo ndikanakonda mutaiyang'ana musanachite china chilichonse. Mu 2011 Stanford inalandira mphatso ya madola 150 miliyoni kuchokera kwa Robert ndi Dorothy King n'kukhazikitsa Stanford Seed, imene inatsegula malo ku Accra, ku Nairobi ndi ku Gaborone. Maphunziro ake a Seed Transformation Program ndi a eni makampani amene akuyenda kale, amatenga pafupifupi chaka chimodzi mwini kampani akugwirabe ntchito, ndipo amakokamo mamanijala ake kuti akonze limodzi ndondomeko yokulitsira bizinesi. Sapereka digiri, ndipo amaika malire a malonda a pachaka amene kampani iyenera kufikapo, koma m'kalasi mwake monse ndi eni makampani a mu Africa, zimene Executive MBA singakupatseni. Harvard ili ndi zofanana nazo, Owner/President Management, za magawo atatu a milungu itatu, koma imafuna kampani yogulitsa madola 10 miliyoni pachaka, motero imeneyo ndi ya mtsogolo.

Za kuno kwathu ndi za pa intaneti ndinene mwachidule. Executive MBA ya ku MUBAS ku Blantyre kapena ya ESAMI, sukulu ya mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, idzakukhazikani pamodzi ndi akuluakulu a mabanki, a maunduna ndi a mabungwe a boma, ndipo kwa munthu amene msika wake wonse uli m'Malawi, anthu amenewo ndi ofunika kuposa aliyense wa ku Singapore. Inu anthu amenewo mukuwadziwa kale, ndipo mukufuna kutuluka. MBA ya pa intaneti, monga iMBA ya University of Illinois imene inayamba mu 2016 ndipo mtengo wake sufika madola 30,000, idzakupatsani mabuku onse bwinobwino, koma sidzakuchotsani pa ofesi ngakhale tsiku limodzi, ndipo kuchoka pang'onopang'onoko ndi theka la mankhwala amene mukufuna.

Ndingasinthe maganizo n'kukuuzani kuti mupite ku Sloan ya ku London ngati chimodzi mwa ziwiri izi chitachitika: mutagulitsa kampaniyo kapena masheya ambiri n'kukhala ndi ndalama zakunja m'manja, kapena mnzanu uja atayendetsa kampani chaka chathunthu monga mkulu, inu muli wapampando chabe, ndipo malonda osatsika. Pamenepo chaka cha ku London chingakhale nthawi yokonzekera kampani yachiwiri, ndipo pa ntchito imeneyo ndi chabwino kwambiri. Za zaka musade nkhawa. Pierre Azoulay wa ku MIT ndi anzake, atafufuza mamiliyoni a anthu oyambitsa makampani ku America, anapeza kuti oyambitsa makampani okula mofulumira kwambiri, imodzi mwa 1,000 alionse, anali ndi zaka pafupifupi 45 pamene ankayamba. Sloan imalandira anthu a zaka 42 popanda kudabwa.

Chotsala ndi mnzanu wa masheya 30 pa 100. Kaya fizi ilipiridwa ndi kampani kapena ndi inu, iye adzasenza ntchito yanu nthawi zonse mukakhala kusukulu, ndipo nkhani yotere ikasiyidwa pakamwa imadzabuka pa tsiku la mkangano wina. Lembani pangano losonyeza amene akulipira, zimene zidzachitike mukasiya kampani musanathe zaka zingapo mutamaliza, malire a ndalama zimene iye angasainire yekha, ndiponso ngati nayenso adzakhale ndi mwayi wophunzira pambuyo panu. Akauntanti wanu akuuzeni mmene a MRA adzaionere fiziyo pa nkhani ya msonkho kampani isanatulutse ndalama yoyamba. Masukulu a ku South Africa amayamba chaka chawo kumayambiriro kwa chaka, ndipo makalata ofunsira malo amatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo mwake, choncho mapepala a SAQA muwatumize tsopano, milungu itatu yochoka pa ofesi ija muichite mayeso olowera asanafike, ndipo sukulu iliyonse muipemphe mayina a eni makampani atatu amene anamaliza kumeneko kuti muwafunse zimene zinachitikira malonda awo pa zaka ziwiri zimene ankaphunzira.